Amayi a M'tabuleti

Ndili mwana, Bambo ankakonza mawailesi pakhonde la nyumba yathu. Tebulo lawo linkadzaza mawailesi otsegulidwa kumsana, timawaya tofiira ndi tobiriwira, ndi botolo la tizitsulo tomwe tinalibe mwini. Ndimakumbukira fungo la mtovu ukamasungunuka, ndi utsi wake woonda womwe unkakwera mowongoka ngati ulusi. Wailesi ikachira, mawu oyamba kutuluka nthawi zambiri ankakhala a mayi wina wowerenga mauthenga a masana. Ndinkamukonda mayi ameneyo. Tsiku lina ndinafunsa Bambo ngati iye amadziwa kuti ndikumumvera. Iwo, osatukula mutu, anati sadziwa, n'chifukwa chake satopa nawe.

Patapita zaka zambiri ndinapeza ntchito mumzinda, ndipo mwana wanga Kadontho ndinamusiya m'manja mwa Bambo ndi mng'ono wanga, yemwe ndi telala. Mafoni tinali nawo, koma kwathu mawu amadukaduka, ndipo Bambo ankati nkhani yeniyeni imafuna pepala. Makalata athu ankanyamula ndi kondakitala wa basi ya m'mawa. Awa ndi a chaka chomwe Kadontho anaphunzira kuwerenga.

14 Januwale

Mng'ono wanga,

Ndikhulupirira muli bwino nonse, iwe, Bambo ndi Kadontho. Ine ndili bwino, kupatula kachifuwa kobwera ndi fumbi la kuno. Undiuze za mwendo wa Bambo, ndiponso ngati dzino la Kadontho lija linagwa.

Unandifunsa kuti kwenikweni ndimagwira ntchito yanji, popeza pa foni ndimangoti ndimalankhula. Ndi zoona, ndimalankhula. Ofesi yathu imapanga maphunziro a ana oyamba sukulu, oika m'matabuleti, timakompyuta ta m'manja tija. Ena amajambula zithunzi, ena amalemba, ine ndiye mawu. Amanditsekera m'kachipinda kopanda zenera, makoma ake omatidwa siponji, muli chete woti umamva magazi ako akuyenda. Kutsogolo kwanga kumakhala maikolofoni ndi pepala. Kuseri kwa galasi kumakhala bambo wojambula mawu, yemwe tonse timamutcha a Makutu. Akatukula chala ndimayamba.

Sindiwerenga zonse nthawi imodzi. Timajambula tizidutswa. "Wakhoza." "Yesanso." "Gwira chilembo chomwe wamva." Kenako tabuleti imasankha yokha choti inene, molingana ndi zomwe mwana wachita. Liwu limodzi ndimatha kulibwereza m'mawa wonse. A Makutu amati kumwetulira kumamveka, ndiye ndikaiwala amandionetsa mano awo pagalasi, mano oti sangalimbitse mtima munthu aliyense. Ndinapeza njira yanga. Ndimatseka maso n'kuyerekeza kuti Kadontho wakhala pamiyendo panga, tsitsi lake likundikuna pachibwano, ndiye mawu amafewa okha.

Nthawi zina ndikamatuluka ndimadzifunsa ngati zaka zonse za ku yunivesite zija zinali zoti ndizidzauza khoma la siponji kuti lakhoza. Koma akuti matabuletiwa apita m'masukulu ambiri, mwina ndi yakwathuko yomwe. Ndikaganiza zimenezo ndimaona ngati ndikuponya timiyala m'chitsime chakuya, n'kumadikira kumva madzi.

Tsono nkhani yomwe ndalembera. Ndapeza chipinda chokulirapo, zenera lake limayang'ana pabwalo la sukulu. Ndikufuna Kadontho adzayambire kuno teremu ya Seputembala. Ndinamusiya asanadziwe kumanga nsapato, ndikunena kuti ndi za miyezi yochepa chabe. Pano ndikaimba foni amangoti ee ndi ayi, ngati akuyankha adokotala. Uganizire, undiyankhe.

Ndine mkulu wako.

20 Febuluwale

Mwana wanga wokondedwa,

Landira moni wochokera kwa ine bambo ako. Kuno tadzuka, mwendo ukuyesera. Kaya iwe ndi chifuwa chako? Uzimwa madzi ofunda, popeza pakhosi pakopo ndi pomwe pali chakudya chako tsopano.

Ndikudziwitse kuti wafika kuno usanafike. Sabata yatha galimoto inabweretsa matabuleti pasukulu, ndipo anthu anakwera padenga kukhoma sola. Ahedi, pokumbukira kuti ndinali munthu wa mawaya, anandipempha kuti ndizisamala kabati yotchajiramo. Ndinavomera mochedwerako, ngati munthu amene ali ndi zochita zina. Iwe ukudziwa kuti wailesi yomaliza kubwera pakhonde pano mwini wake sanabwerenso kudzaitenga.

Tsiku loyamba mahedifoni, zomvera zovala m'makutu zija, anali asanagawidwe. Choncho ana atayatsa, mawu ako anatuluka m'matabuleti onse, koma osati pamodzi. Uyu ukumuuza kuti wakhoza, uyo ukumuuza kuti ayesenso, wina ukumuitanira zilembo. Ine ndinaima pakhomo ndi makiyi m'manja. Zinali ngati mvula ikamayamba padenga la malata, apa ndi apo, apa ndi apo, mpaka chipinda chonse chinadzaza iwe. Ndinatuluka kukayang'ana sola, ngakhale inalibe vuto.

Kadontho anakwera pabenchi n'kulengeza kuti amenewo ndi amayi ake. Mnzake wina anati bodza, ndi amayi a tonse. Mapeto ake tinataya batani la yunifolomu, ndipo ine ndinaitanidwa ku ofesi. Ndinamudzudzula monga mwa udindo wanga, koma mumtima ndinali mbali yake.

Mayi wogulitsa tomato pageti akukupatsa moni. Iye akuganiza kuti umakhala penapake tsiku lonse ukuyankha ana onsewa, ndiye akufunsa ngati amakupatsako mpata wopita kuseri. Ndinamufotokozera mmene mawu amajambulidwira. Anandiyang'ana mwachifundo, nati ukalamba ndi wovuta.

Pano mahedifoni anabwera ndipo kalasi imakhala zii, mwana aliyense ali m'dziko lake, milomo yokha ikugwedera. Aphunzitsi achikulire a kalasi yoyamba amangoyenda pakati pawo, manja kumbuyo. Anandiuza kuti ana akugwira msanga kuposa kale, zimenezo sakukana. Koma akuti kale ankabwerera kunyumba mawu atasasa, pano amabwerera nawo onse, ndipo sadziwa choti achite nawo.

Za Seputembala mng'ono wako wamva. Ine sindiikapo mlomo. Mwana ndi wako, koma womusambitsa ndi uyu.

Ndine bambo ako.

11 Malichi

Achemwali,

Moni. Tili bwino. Dzino linagwa, lina likugwedera. Inu muli bwanji ndi a Makutu anuwo, kodi ali pabanja?

Pepani pochedwa kuyankha. Ndili ndi madiresi a ukwati, ndipo operekeza mkwatibwi aliyense akufuna chiuno chomwe alibe.

Za foni musadandaule, Kadontho amacheza nanu tsiku lililonse. Aphunzitsi akuti nthawi yopuma anzake akathamangira panja, iye amatsala ndi mahedifoni akunong'ona. Amakuuzani zonse, za dzino, za mphaka wa aneba, mwinanso za ine. Inu mumamuyankha kuti wakhoza. Pano ali ndi amayi atatu: amayi aang'ono ndine, kenako amayi a pa foni, ndi amayi a m'tabuleti. Musandifunse kuti akutsogola ndani.

Kuwerenga ndiye watenga ngati matenda. Amawerenga zikwangwani, mapaketi a sopo, mpaka miyezo ya makasitomala anga, mokweza, eni ake ali pomwepo. Dzana ndinawotcha kolala ndi simbi. Ndili pafupi kulira, ndinangomva kumbuyo kwanga kamawu kokoma kakuti, "Yesanso." Ndinamuthamangitsa ndi tepi mpaka kumsewu.

Za Seputembala tidzakambirana. Nthawi ilipo.

Mng'ono wanu.

2 Epulo

Mng'ono wanga,

Moni nonse. Ndikhulupirira madiresi anatha ndipo ziuno zinapezeka. A Makutu ali ndi zidzukulu, usavutike. Kalata iyi ndi yako wekha, usawawerengere Bambo.

Yako ija ndaiwerenga kambirimbiri, m'basi, ku ofesi, ndikudikira madzi kuti awire. Poyamba ndinaseka. Kenako ndinayamba kumva mawu ena pansi pa mawu ako, ngati ukundiuza kuti mwana wapeza kale mayi, ine ndisadzivute. Mwina sunatanthauze zimenezo. Ukundidziwa, ndimapunthwa ngakhale pamalo osalala.

Lamlungu ndinaimba, iwe unamupatsa foni n'kutuluka. Ndinali pamsewu, mabasi akuliza mahutala, mapazi akundiwawa. Ndinamufunsa za sukulu, anati ee. Za dzino, anati ee. Kenako anati, "Tanenani kuti wakhoza." Ndinanena. Iye anati, "Si choncho," n'kupereka foni kwa agogo ake. Ndinaima pomwepo, anthu akundigunda mapewa, ndikubwereza liwulo chamumtima kuti ndipeze pomwe ndalakwitsa. Munthu kulephera kutsanzira mawu ake omwe.

Pali chinanso. Ku ofesi atiuza kuti kompyuta yamvetsera mawu anga mokwanira, moti tsopano ikhoza kunena chilichonse chomwe ailembera, m'mawu angawa, ine ndili kwina. Anandipempha chilolezo. Akuti ntchito siitha, ndizikonza zolembedwa. Ndinaganiza sabata yonse ndipo ndinavomera, chifukwa nkhani zomwe ine ndingawerenge chaka chathunthu iyo imamaliza tiyi asanazizire, ndipo ana odikira ndi ambiri. Mwina ndinavomeranso chifukwa sindidziwa kukana.

Anandiikira nkhani yoyamba kuti ndimve. Ndi ya kamtsikana komwe kanapeza mwezi m'chidebe cha madzi, n'kumayenda nawo pang'onopang'ono kuti usatayike. Ndinali ndisanaionepo ndi kale lonse. Ndinakhala m'kachipinda kaja ndi mahedifoni, ndikudzimva ndekha ndikusimba nkhani yomwe sindikudziwa mathero ake. Mawuwo sakoka mpweya, sameza malovu, alibe chifuwa. Zinali ngati maloto aja oona munthu akuyenda patsogolo pako atavala diresi lako, anthu onse akumupatsa moni wako, iwe ukumutsatira osamupeza. Chodabwitsa n'chakuti ndinkafunitsitsa kudziwa ngati kamtsikanako kafike nawo kunyumba.

Nkhaniyi ifika m'matabuleti a kumeneko mwezi wamawa. Ndili ndi kachiyembekezo kopusa koti Kadontho adzazindikira kuti si ine.

Undiyankhe mosabisa. Kodi sukufuna kuti ndimutenge?

Mkulu wako.

9 Meyi

Mng'ono wanga,

Moni. Kodi muli bwino? Basi ya m'mawa ndimaidikira, koma kondakitala ndi wina ndipo sakundidziwa. Foni yako ikalowa umangoti uli ndi kasitomala. Ngati ndinalakwa mafunsidwe, undikhululukire, koma funsolo lilipobe. Ndagula kamatilesi kakang'ono. Ndakaimika kukhoma, ndipo ndikalowa ndimayamba kukapatsa moni.

Mkulu wako.

16 Juni

Mwana wanga wokondedwa,

Moni wochokera kwa bambo ako. Tili bwino, usade nkhawa ndi chete wathuyu. Kondakitala wathu anamusinthira njira ina kwa kanthawi, pano wabwerera. Koma si iye yekha wolakwa. Mng'ono wako wakhala akulemba ndi kung'amba, ndipo makina ake osokera akulira ngati akukangana ndi munthu. Zomwe munalemberana sindikuzidziwa, ndipo pa msinkhu wangawu ndaphunzira kusafunsa.

Ine ndalembera kukuthokoza. Kwabwera nkhani yatsopano ya mwezi m'chidebe. Tsiku lina ana ataweruka, ndisanatseke kabati, ndinabwereka mahedifoni n'kukhala pakabenchi kawo, mawondo ali m'makutu. Mwana wanga, pa zonse zomwe wawerenga, iyi wamaliza. Mawu ako apumula. Chifuwa chija chinatha eti? Pamene kamtsikana kakuwoloka msewu, magalimoto ataima kuti mwezi udutse, unatsitsa mawu ndendende mmene ankachitira malemu amayi ako akamakugonekani. Ndinaiika kachiwiri. Mlonda anachita kugogoda pazenera kuti akufuna kutseka geti.

Kadontho anailoweza yonse. Masana amadzaza chidebe n'kumazungulira nacho pabwalo, akuyenda chanyang'anyang'a, akuuza nkhuku kuti zipatuke. Ndinamuuza kuti masana mwezi kulibe. Anati ulimo, ine ndi amene ndilibe magalasi abwino.

Utiuze za tchuthi chako. Khonde ndinalipaka utoto, ukabwera usadutse.

Ndine bambo ako.

5 Julayi

Achemwali,

Moni. Tili moyo. Makalata anu onse ndinalandira.

Ndinakwiya, ndikuuzeni. Zaka zonsezi ndikumuchapira, ndikumuzula minga, ndikugona naye kuchipatala, ndiye mundifunse ngati munthu woba ana? Ndinalemba yankho loti mukanaliwerenga mukanapempha madzi. Ndinaling'amba chifukwa munali ukali wambiri, zoona zochepa.

Zoona ndi izi. Kadontho analongedza kalekale. Pansi pa bedi pali jumbo, muli diresi lake labwino, mswachi wakale ndi chidole chopanda mkono. Analongedza tsiku lomwe anamva za Seputembala. Ine sindikumukaniza. Koma akupita kwa ndani? Iye akuganiza kuti akupita kwa mayi uja wosatopa, wosakalipa, woti ukalakwitsa tsiku lonse iye amangoti yesanso tsiku lonse. Ine ndimakudziwani, tinakulira pabedi limodzi. Mukakhumudwa mumakhala chete mpaka nyumba imazizira. Mukagwira buku mphika umapserera. M'mawa simulankhulika musanamwe tiyi. Si milandu, ndi mmene mulili, ndipo ine ndinakuzolowerani choncho. Koma mwanayu adzafika mumzinda wachilendo, m'chipinda chimodzi ndi munthu yemwe sanamuyembekezere, ine ndili kutali. Izi ndi zomwe zimandisowetsa tulo, osati zomwe munaganizazo.

Kuno tinagawana ntchito osapangana, inu kuyamikira, ine kukalipa. Yanu ndi yopepuka, ndipo pano mwapezanso waganyu.

Za mwezi m'chidebe, sanazindikire. Bambonso ayi. Inenso, ndikanapanda kudziwa, ayi. Pepani, koma munati ndisabise. Sindinawauze kanthu.

Ndiye bwerani sukulu ikatseka. Ine ndipita kwa azakhali kukawasokera makatani omwe akhala akundilirira chaka chonse. Mudzakhale naye nokha, Bambo sawerengedwa, amenewo ndi mnzake. Mudzamudzutse, mudzamusambitse, mudzamukalipire ndithu. Akakuonani mutakwiya n'kunenabe kuti apita nanu, jumboyo ndidzamunyamulira ndekha mpaka pa basi. Zolira zanga ndi zanga, musadzazilowerere.

Mng'ono wanu.

19 Ogasiti

Mng'ono wanga,

Moni kuchokera kunyumba kwako. Zikumveka zachilendo kuti ine ndili kuno, iwe ndiye wolandira kalata. Azakhali ali bwanji? Uwapatse moni, ndipo usalole kuti akusunge mpaka uwasokere ndi nsalu za pamipando.

Ndikulemba nditakhala pampando wako, pafupi ndi makina. Dzuwa likulowera pazenera ndipo tiulusi tikuyandama m'mwamba. Chipindachi chimanunkhira iwe, mafuta a makina ndi nsalu yatsopano.

Masiku oyamba Kadontho ankandisamala ngati mlendo. Ankandibweretsera mpando, n'kukhala patali akundiyang'ana pakamwa. Akamandiwerengera ankaima pa mzere uliwonse n'kudikira. Ndinkamuyamikira m'mawu anga, ndipo iye ankalandira mwaulemu, monga mmene munthu amalandirira diresi losamukwana. M'mawa wachiwiri anandilankhula ndisanamwe tiyi. Sindikukumbukira zomwe ndinayankha, koma Bambo akuti anapita kukawafunsa ngati ndikudwala.

Lachinayi masana anandipempha nkhani ya mwezi. Ndinayamba, koma ndinaimva kamodzi kokha. Kamtsikana ndinakawolotsa pamlatho m'malo mwa msewu, ndipo galu ndinamuiwaliratu. Anandikonza, anandikonzanso, kenako anafunsa kuti ndaiwala bwanji nkhani yanga yomwe. Ndikanatha kunamizira kutopa. Koma ndinamuuza kuti nkhani imeneyo sindinawerenge ine, ndi kompyuta yomwe inaphunzira mawu anga, ndipo ngakhale mawu enawo ndinawanena kalekale, m'kachipinda, ndisakudziwa kuti adzamva ndani.

Ndiye anati, "Nanga amene ndimamuuza zinthu uja ndani?"

Ndinati palibe. Sindinapeze njira yofewetsera.

"Za mphaka simunamve?"

Ndinati sindinamve, koma akhoza kundiuza. Sanandiuze. Anatuluka n'kukakhala pansi pa tebulo la agogo ake.

Bambo anali pakhonde ndipo anamva zonse. Anaseka mpaka kutsokomola, akuti moyo wawo wonse akhala akutsegula mabokosi olankhula, lero bokosi lawapusitsa ngati mwana. Kenako anandifunsa kuti nanga makinawo anawatenga kuti mawu a amayi athu. Ndinati mwina mwa ine, mwina analimo ine osadziwa. Anagwedeza mutu.

Tsono dzulo. Konzeka. Ndinali ndi buku, ndipo mphika unapserera monga unalosera. Pamene ndinkapala mphikawo, m'nyumba munali chete wokayikitsa. Nditalowa muno ndinapeza Kadontho ali ndi sizasi yako yaikulu. Nsalu yachikasu yonyezimira ija, ya anesi aja omwe ukuwasokera, yomwe unati munthu asaikhudze, anali ataiboola pakati penipeni. Anadulapo chozungulira chachikulu ngati mbale n'kuchiika m'chidebe cha madzi. Chinkayandama bwinobwino, ndivomere.

Ndinakalipa. Mawu omwe anatuluka sindinawamvepo, a Makutu akanavula mahedifoni. Anali okhakhala, osweka, ndipo pakati pake ndinatsokomola. Kadontho anakwawira pansi pa makina, pafupi ndi chopondera, akulira kuti akufuna amayi aang'ono. Ine ndinachita zomwe ndimachita, ndinakhala chete. Ndinapinda nsalu yoboolayo, ndinakolopa madzi, ndinamva nyumba ikuyamba kuzizira. Ndinafika mpaka pakhomo. Kenako ndinabwerera n'kukhala pansi, pasimenti, msana nditatsamira kabati yako.

Ndinangomuuza kuti nsaluyo ndi ya munthu, kuti sizasiyo ikanamudula chala, ndiponso kuti ndidakali wokwiya. Anafunsa ali pansi pomwepo kuti ndisiya liti. Ndinati sindikudziwa, mwina tikadya. Anati chakudya chake chapserera. Ndinati ndiye zitenga nthawi.

Tinakhala choncho mpaka dzuwa linachoka pakhoma n'kufika pamapazi anga. Kenako anatuluka, nkhope ili mbuu ndi fumbi la ulusi, n'kuika chikhato chake pakhosi panga. Anati ndilankhule. Ndinafunsa kuti ndinene chiyani, anati chilichonse. Ndinawerenga mayina a mitundu ya ulusi womwe uli pashelefu pako. Anati pakunjenjemera, ngati muli kanthu kamoyo. Dzanjalo sanalichotse. Ali chigwirire choncho anayamba za mphaka, kuyambira pachiyambi penipeni: mmene anaberekera m'bokosi la nsapato, mmene kamodzi kanasowera, yemwe iye akumuganizira. Anapitiriza za mnzake wa batani uja, za dzino, za tsiku lomwe unamuthamangitsa ndi tepi. Zonse zomwe wakhala akunong'oneza m'tabuleti zinatuluka, zosatsatana, zina mwina zamaloto. Miyendo yanga inachita dzanzi koma sindinasunthe. Pena ndinkafunsa funso, iye n'kundiuza kuti ndisamudule.

Anesi ndikawaona ndekha mawa, ndipo nsalu ndidzagula ina mumzinda. Usandilembere zomwe ukuganiza, ndikuzimva ndili konkuno.

Za Seputembala sindinamufunse. Ndikuopa yankho, ndipo sindikudziwa ngati mwana amafunsidwa zotere. Sindikudziwanso ngati ndidzakwanitsa, ine ndi chete wangayu, m'chipinda chimodzi. Pano waima pambali panga, akuti ndimusiyire malo pansi chifukwa nayenso ali ndi mawu. Ndikumupatsa cholembera.

Mkulu wako.

Amayi aang'ono ndadula nsalu. Amayi anakalipa kuposa inu. Saphika bwino. Ndipita nawo. Mubwere mudzandiluke tsitsi kaye chifukwa iwo amakoka.

Analemba pang'onopang'ono, lilime lili panja, zilembo zikutsetsereka kulowera pakona ya pepala. Ine ndinawerenga ndili kumbuyo kwake. Kunja basi inaliza hutala. Ndinasonkhanitsa mapepalawo n'kuwapinda, iye anadinikiza mopindamo ndi chibakera kuti pagone. Tinatuluka mothamanga, iye patsogolo, osavala nsapato. Kondakitala anatambasulira dzanja kwa ine, koma Kadontho anandilanda kalatayo, anaima ndi zala za kumapazi, n'kuipereka yekha.